Galimoto yosamwa madzi

Anzanga, minibasi ikaima pamtunda n'kuyamba kufuka nthunzi, tonse timadziwa chotsatira. Kondakitala amatsika ndi chigubu kukapempha madzi pakhomo lapafupi. Kuchigayo nakonso pambali pa injini pamakhala mgolo wa madzi. Nchifukwa chake ambiri timangoganiza kuti injini iliyonse imamwa madzi. Komatu ilipo galimoto imene anaipanga yoposa 21 miliyoni, inayenda kumayiko a chisanu ndi kuzipululu komwe, ilibe redieta, ilibe pothira madzi ngakhale dontho. Dzina lake ndi Volkswagen Beetle. Mawu akuti Beetle amanena kachilombo ka mtundu wa chikumbu, ndipo mukaona msana wake wobulungira simungafunsenso chifukwa chake. M'nkhani ino ndizingoti kachikumbu.

Kamodzi kali pa galaja ya amalume anga kumsika kuja, ena a inu mwakaonapo. Eni ake ndi banja lina limene bambo awo anali mphunzitsi. Atamwalira bambowo kanakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zambirimbiri, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Anyamata ogula zitsulo zakutha anali atatchula kale mtengo wa pa kilo, koma mwana wa malemuwo anakana, n'kukakokera ku galaja ndi ng'ombe zapangolo. Ine ndimapitako Loweruka kukatsuka mabawuti ndi kupereka masipanala. Zina zimene ndalemba pano ndaziona ndi maso, zina ndaziwerenga m'buku la galimotoyi lothimbirira ndi oyilo limene amalume amasunga. Aliyense wodutsa funso lake ndi limodzi: "Mupenta liti?" Amalume amangoseka. Penti amabwera kumapeto kwenikweni, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chake.

Kaye mbiri yake mwachidule. Galimotoyi anaijambula ku Germany m'zaka za m'ma 1930 ndi injiniya wotchedwa Ferdinand Porsche, atalamulidwa ndi boma la Adolf Hitler limene linkafuna galimoto yotchipa yoti banja wamba ligule. Volkswagen m'Chijeremani ndiye kuti galimoto ya anthu. Fakitale anayamba kuimanga mu 1938 pamalo amene lero ndi mzinda wa Wolfsburg. Anthu oposa 300,000 anayamba kusonkha ndalama sabata ndi sabata, koma palibe ndi mmodzi yemwe analandira galimoto, chifukwa mu 1939 nkhondo inabuka ndipo fakitaleyo inatembenukira ku magalimoto a asilikali, ogwira ntchito ambiri ali akaidi ndi anthu ogwidwa mokakamiza. Chiyambi chake n'chonyansa ndithu. Nkhondo itatha mu 1945, msilikali wa ku Britain, Major Ivan Hirst, ndiye anadzutsa fakitale yophwasukayo. Pofika 1955 anali atapanga 1 miliyoni. Mu 1972 kachikumbu kanapitirira Ford Model T pa kuchuluka, ndipo komaliza kanatuluka ku Puebla, m'dziko la Mexico, pa 30 Julayi 2003. Onse pamodzi anakwana 21,529,464. Kuno ku Africa ankakalumikiza ku Uitenhage, South Africa, tauni imene lero imatchedwa Kariega, kuyambira 1951 mpaka 1979, chiwongolero chili kumanja ngati magalimoto akwathu kuno. Ka kwa amalume kanachokera kumeneko.

Kamazizira bwanji popanda madzi?

Mukatsegula boneti kutsogolo mupeza tayala lasipeya, thanki ya petulo ndi malo oika chikwama. Injini ili kumbuyo. Ili ndi masilinda 4 ogona cham'mbali, awiri kumanzere, awiri kumanja. M'silinda ndi mmene petulo amayaka kuti akankhe pisitoni, ndiye mutha kuganiza kutentha kwake. M'magalimoto ena madzi amazungulira masilinda, n'kunyamula kutenthako kupita nako ku redieta. Apa ayi. Kunja kwa silinda iliyonse ndi kumutu kwake kuli timizere ta chitsulo tambirimbiri tooneka ngati zipsepse za nsomba. Mukafuna kuziona lero lomwe, suzumirani injini ya njinga yamoto ya kabaza poweruka. Ntchito ya zipsepsezi tinaiphunzira kale mu Physics osadziwa. Phala la m'kapu limachedwa kuzizira, koma ukalithira m'mbale yaphanthiphanthi n'kumaliuzira, umadya posachedwa. Zipsepse zimakulitsa malo amene chitsulo chotentha chikukhudzana ndi mpweya, basi.

Koma njinga yamoto injini yake ili poyera, mphepo imaiomba ikamathamanga. Ya kachikumbu ili m'kachipinda kotseka, kumbuyo kumene mphepo siifika bwino. Ndiye opanga anaika fani yaikulu m'chibokosi cha malata chimene chaimirira pamwamba pa injini. Faniyo imakoka mpweya kudzera m'timipata tili pansi pa galasi lakumbuyo, n'kuupopera pansi m'kati mwa zipsepse zija, ndipo mpweya wotentha umatulukira kunsi kwa galimoto. Imazunguzidwa ndi lamba mmodzi yekha, yemwenso amazunguza jenereta yotchaja batire, ndipo imathamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la injini. Nchifukwa chake getsi lofiira la batire likayaka uli paulendo, suganiza za batire, umaima pomwepo n'kukaona lamba. Lamba akaduka ndiye kuti fani yaima, ndipo m'mphindi zochepa injini yapsa. Pa chifukwa chomwecho, kukwera mtunda pa giya 4 injini ikulirira pansipansi n'kuizunza: ikugwira ntchito yolemetsa pamene fani ikuyenda mwaulesi. Dalaivala wodziwa amabwerera ku giya 3 kuti fani ipepeze mokwanira.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Mpweya wa faniwo uyenera kudutsa m'zipsepse, osathawira kwina. Wouongolera ndi malata akuda amene akuta injini yonse, ena aakulu, ena aang'ono ngati chikhatho changa. Yerekezani kuuzira moto ndi bango lobooka m'mbali. Mutopa masaya koma moto suyaka. Pansi pa masilinda pali timalata tiwiri tokakamiza mpweya kuzungulira kunsi kwa silinda. Kuzungulira injini yonse kuli labala wotseka mpata pakati pa malata ndi thupi la galimoto, kuti mpweya wotentha wakunsi usakwere n'kukokedwanso ndi fani. Ngakhale pa mawaya a mapulagi pali timalabala totseka mabowo. Chimene chimapha magalimotowa kawirikawiri ndi munthu amene wamasula injini, pobwezeretsa n'kuona timalata tina tatsala pansi, iye n'kuti aaa, tamangovutitsa iti, n'kutitaya. Injini imalira bwinobwino tsiku limenelo, mwini wake amalipira akumwetulira. Imadzafa patapita miyezi, tsiku lina lotentha la Okutobala. Pa ka kwa amalume timalata tiwiri takunsi tija panalibe, labala anali atauma n'kuthothoka, ndipo titavundukula chibokosi cha fani tinapezamo chisa cha makoswe, thonje la m'mipando ndi zitsononkho. Amalume amati lata lililonse pa injiniyi lili ndi ntchito, a ku Germany sankaika chitsulo chaulere. Amene akusowa anawadula okha pa lata lina poyang'ana chithunzi cha m'buku.

Mthandizi wa mpweya ndi oyilo. Injiniyi imalowa malita 2.5 okha, ochepa kwambiri poyerekeza ndi magalimoto ambiri a masiku ano, ndiye oyiloyo amagwira ntchito ziwiri: kufewetsa zitsulo ndi kunyamula kutentha. Amadutsa m'kachipangizo kooneka ngati redieta yaing'ono kamene kali m'njira ya mpweya wa fani. Pa injini zakale kachipangizoka kanali m'kati mwa chibokosi, kumanzere, motero silinda nambala 3 inkalandira mpweya wofunda kale, ndipo ndi imene inkayamba kuvuta. Cha m'ma 1971 anakasunthira panja pa chibokosi, m'kanyumba kakekake. Chinanso chodabwitsa, injiniyi ilibe fyuluta ya oyilo. Ili ndi kasefa ka waya kunsi, kongogwira zinyalala zikuluzikulu. Buku limati oyilo asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse, kasefako n'kutsukidwa. M'fumbi lathuli munthu wanzeru sangadikire kufika pamenepo.

Palinso mavalavu, timakomo tolowetsa petulo ndi kutulutsa utsi m'silinda. Pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha payenera kukhala mpata wa mamilimita 0.15, woyezedwa injini ili yozizira, yogona usiku wonse. Mpatawo ndi wochepa ngati mapepala awiri a kope ophatikiza, ndipo amauyeza ndi timalata topyapyala tolembedwa manambala. Ukatha mpatawo, valavu siitseka bwinobwino. Tsono valavu imataya kutentha kwake kochuluka ikakhala pampando pake, ndiye ikalephera kukhala imafiira, imapsa, mwina mutu wake kuduka n'kugwera pa pisitoni. Pamenepo injini yonse yatha chifukwa cha kampata kosaoneka ndi maso. Injini yolira kuti thethethe pang'ono siiwopsa. Yoopsa ndi yachete kwambiri.

Ntchito imayambira pati?

Imayambira pa mapepala. Ukanyamula mpando wakumbuyo, pa msana wa chesisi pali nambala yodindidwa pachitsulo, ndipo iyenera kufanana ndi ya m'buku la umwini wa galimoto. Pa opangidwa kuyambira 1965, nambala yachitatu imasonyeza chaka chake, zimene zimathandiza poitanitsa zipangizo chifukwa magalimotowa amaoneka ofanana pamene m'kati ankasintha chaka ndi chaka. Kuthira ndalama pa galimoto yopanda mapepala n'kumangira nyumba pamalo a eni.

Kenako dzimbiri. Kachikumbu kali m'zigawo ziwiri: chesisi, chimene ndi chipansi chaphanthiphanthi chokhala ndi msana pakati, chonyamula injini, mawilo ndi mipando, ndiye thupi, limene limangomangidwa pamwamba ndi mabawuti. Ukamasula mabawutiwo, amuna angapo amanyamula thupi lonse n'kuliika pa migolo, chesisi n'kutsala poyera ngati bedi lopanda matiresi. Ngakhale mamadigadi onse 4 ndi omangidwa ndi mabawuti, saotcherera. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene anthu amakondera kudzutsa galimotoyi: imamasuka ndi masipanala wamba. Malo oyamba kubooka ndi pansi pa mpando wakumbuyo, chifukwa batire limakhala pamenepo ndipo asidi wake akamadontha amadya chipansi. Pa kathu bowo lake mpira wa chikulunga ukanadutsa. Koma limeneli ndi bala losavuta: kudula, kuika lata lina, kuotcherera.

Bala lenileni lili m'munsi mwa zitseko. Mbali iliyonse muli chimpaipi cha lata chochokera kumbuyo kukafika kutsogolo. Ntchito yake yoyamba ndi kunyamula mpweya wofunda kuchokera ku injini kupita kumapazi a dalaivala nthawi yachisanu, koma ndi chomwechonso chimene chagwira thupi lonse, ngati maziko a nyumba. Mpweya wofunda ukakumana ndi lata lozizira umasiya chinyezi, ndiye chimpaipicho chimadyeka kuyambira m'kati, kunja penti ali gwa. Amalume amachibaya ndi sikuludilaiva. Ikalowa, chatha. Chizindikiro china ndi chitseko chogwa, chofuna kunyamula kuti chitseke. Posintha chimpaipichi, amayamba aotcherera zitsulo zopingasa pakhomo kuti thupi lisapindike. Ukadula usanatero, zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale. Apanso maginito amathandiza: ukawayendetsa pathupi la galimoto, pamene sakugwira ndiye kuti wina anamata fila pamwamba pa dzimbiri n'kupentapo. Pa madigadi ina ya kathu fila anali wochindikala ngati chala.

Ndanena za mpweya wofunda, ndiwonjezerepo chimodzi chokhudza moyo. Mpweyawo umafunda podutsa m'mabokosi okuta mapaipi a ekizozi. Paipi ya m'katimo ikabooka, utsi umalowa m'galimoto, ndipo mu utsi muli carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka, womwe uja amatichenjeza za mbaula m'nyumba yotseka. Kwathu kuno chotenthetsa sichifunika kwenikweni, ndiye ena amangochichotsa. Akatero ayenera kutseka mabowo awiri a pa chibokosi cha fani, apo ayi mpweya wa masilinda uzithawira pamenepo.

Injini yokhalitsa siilizidwa ndi kiyi tsiku loyamba. Umachotsa mapulagi, n'kudonthetsera oyilo m'masilinda, kudikira masiku angapo, kenako kuizunguza ndi sipanala pang'onopang'ono. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Kenako umagwira pule yaikulu yakunsi ndi manja awiri n'kuikoka ndi kuikankha. Iyenera kusuntha pang'ono zedi, osapitirira mamilimita 0.15. Ikamachita khokhokho moti ukuona ndi maso, ndiye kuti m'kati mwadyeka ndipo injini iyenera kung'ambidwa pakati. Kuitsitsa n'kosavuta modabwitsa. Yagwiridwa ndi mabawuti 4 okha ku giyabokosi. Ukachotsa mawaya, paipi ya petulo ndi waya wa moto, umaika jeke kunsi, kuikokera kumbuyo, kuitsitsa, n'kunyamula galimoto kuti injini ituluke. Masilinda amachoka imodziimodzi, ndipo amagulitsidwa pamodzi ndi mapisitoni ake. Zipangizo zambiri zikupangidwabe mpaka lero chifukwa okonda galimotoyi ndi ambiri padziko. Vuto lathu ndi mtunda ndi ndalama: za kwa amalume zimachokera ku South Africa, ndipo zimabwera pamene mwini galimoto wapeza kangachepe.

Chimene sichidikira ndalama ndi mapaipi a petulo. Magalimotowa amadziwika ndi kupsa moto kumbuyo, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi paipi ya labala youma imene yang'ambika n'kumwaza petulo pa injini yotentha, pafupi ndi mawaya othetheka. Kwathu kuno petulo amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amaumitsa labala wamtundu wakale. Ndiye mapaipi onse amasinthidwa, ndipo nsonga iliyonse imamangidwa ndi chomangira chachitsulo. Chibokosi cha injini zambiri za kachikumbu ndi cha magnesium wosakaniza ndi zitsulo zina, nchifukwa chake n'chopepuka. Amene munaona magnesium akuyaka pa phunziro la Chemistry, kaya pachithunzi m'buku, mukudziwa kuwala kwake koyera kuja. Akagwira moto, madzi samuzimitsa, amangomukolezera. Chinanso choyambitsa moto ndi batire lija: likakhala lopanda chivundikiro, munthu wonenepa n'kukhala kumbuyo, mawaya a mpando amagunda mitu ya batire.

Mabuleki ndi mawaya amagetsi sindichulutsapo. Chilichonse cha labala m'mabuleki chimasinthidwa osafunsa, pakuti galimoto yosalira imangokukhumudwitsa koma yosaima imapha. Mawaya amene makoswe alawa amachotsedwa. Akale kwambiri anali a mavoti 6, magetsi ake ngati koloboyi, ndipo ambiri amawasinthira ku mavoti 12. Zonsezi zikatha m'pamene pamabwera sandipepa, penti wapansi, penti weniweni, mipando ndi magalasi.

Kubwezeretsa kapena kusintha?

Apa anthu amagawikana. Ena amafuna galimoto ibwerere mmene inatulukira ku fakitale, mtundu wa penti womwewo, chiwongolero chomwecho. Kwa iwowa zaka n'zofunika kwambiri. Opangidwa isanafike 1953 ali ndi galasi lakumbuyo logawika pakati, a 1953 mpaka 1957 ali ndi galasi looneka ngati dzira, ndipo amenewa ndi osowa, odula, moti kudula thupi lake n'kulakwa kwakukulu. Ena amati galimoto ndi yanga, ndiipanga mmene ndifunira.

Masitayelo otchuka anachokera ku California, ku America, m'zaka za m'ma 1960. Ina imatchedwa Cal Look: amachotsa zonyezimira zam'mbali ndi mabampa, amatsitsa kutsogolo, n'kuika injini yamphamvu, galimoto yooneka yofatsa koma yothamanga. Ina ndi Baja Bug, ya m'chipululu: amadula mamadigadi, amakweza galimoto, amaika matayala aakulu, injini n'kukhala poyera. Mu 1964 munthu wina wopanga mabwato, Bruce Meyers, anapanga kagalimoto ka pamchenga kotchedwa Meyers Manx pogwiritsa ntchito zipangizo za kachikumbu ndi thupi la fibreglass. Pambuyo pake ankakamanga pa chesisi cha kachikumbu chofupikitsidwa, ndipo anthu anakopera dziko lonse.

Ine maganizo anga ndi awa. Zithunzi za magalimoto otsitsidwa mpaka kukhudza pansi n'zokongola pa foni, koma tabweretsani kotereko mumsewu wathu uno mwezi wa Febuluwale. Sikafika ndi pamlatho pomwe. Chonsecho kachikumbu mmene kalili kamakwanira kale misewu ngati yathu. Kunsi kwake n'kosalala, kopanda zolendewera zokodwa m'matope, ndipo kulemera kwa injini kuli pamwamba pa mawilo akumbuyo amene amakankha, ndiye sikaterereka msanga. Ngati n'kusintha, ndi bwino kukweza pang'ono. Galimotoyi ilibe masipuling'i opotana aja. Ili ndi ndodo zachitsulo zimene zimapotoka galimoto ikagunda bampu n'kubwereranso. Ndodo yakumbuyo ili ndi mano mbali zonse, 40 m'kati ndi 44 kunja, ndiye ukaisolola n'kuisuntha mano angapo, galimoto imakwera kapena kutsika. Koma osanyanya. Pa ambiri a magalimotowa, ukakweza kwambiri mawilo akumbuyo amapendekera m'kati kunsi, ndipo pokhota mothamanga galimoto itha kugubuduka.

Za injini nazo zili ndi malire. Imene timati 1600 kwenikweni ndi 1584 cc, ya mahatchi 50, yokwanira kufika cha m'ma makilomita 130 pa ola pa galimoto yolemera makilogalamu 800 ndi pang'ono. Ofuna mphamvu amaika mapisitoni okulirapo: a mamilimita 87 m'malo mwa 85.5 amapereka 1641 cc, a 90.5 amapereka 1776 cc koma pamafunika kukulitsa mabowo pa makina. Ena amaika makabuleta awiri. Zonsezi n'zotheka, koma mphamvu yowonjezera ndi moto wowonjezera, pamene fani ndi yomwe ija. Pali pule yaing'ono imene amagulitsa ponena kuti imawonjezera mphamvu. Inde imawonjezera pang'ono, chifukwa ikuzunguza fani mochedwa! Pa mpikisano wa masekondi ochepa zilibe kanthu, koma pa ulendo wa ku Nsanje ndi imfa. Malata onyezimira ngati kalilole nawonso amakopa maso, koma ambiri sakhala bwino, amasiya mipata, ndipo tinaphunzira kuti chinthu chakuda chimataya kutentha kuposa chonyezimira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chosefera mpweya wolowa mu kabuleta. Cha ku fakitale pa akalewa ndi chibokosi chakuda chosaoneka bwino, chokhala ndi oyilo pansi. Mpweya umakhota pamwamba pa oyiloyo, fumbi n'kumatirira. Chikada umangochitsuka n'kuthiramo oyilo wina, osagula kanthu. Anthu amachichotsa n'kuika kakang'ono konyezimira kamene fumbi limadutsa ngati ufa pa sefa yong'ambika, ndipo fumbi m'silinda limapala ngati sandipepa. Anyamata ena anauza mwini wa kathu kuti achichotse, ati n'chachikale. Amalume anamutengera pamsewu lole ikudutsa, n'kumulozera fumbi. Chibokosicho chatsala.

Sikuti kusintha kulikonse n'koipa. Mabuleki a disiki kutsogolo, alitaneta m'malo mwa jenereta, malamba a pamipando, magetsi owala, kachitsulo kotchinga kunsi kwa injini kuti miyala isaboole, chonyamulira katundu padenga, zonsezi ine ndingavomereze. Penti ndiye aliyense ndi mtima wake, kungoti mtundu ukasintha, kapena injini ikakhala ina, mapepala nawo akakonzedwe ku Road Traffic, ndipo galimoto siilowa mumsewu popanda COF ndi inshuwalansi. Mwini wa kathu akufuna wobiriwira ngati mmene bambo ake ankakayendetsera. Ine ndikanakonda wachikasu, koma sanandifunse.

Panopa chesisi chatha kuotcherera ndipo chapakidwa penti wakuda, thupi likadali pa migolo kudikira chimpaipi cha kumanzere, ndipo injini ili pa tebulo, mitu yake yachotsedwa. Amene mukufuna kuona zipsepse, fani ndi kampata ka 0.15 kaja ndi maso anu, bwerani Loweruka m'mawa, amalume avomera bola osagwira zinthu popanda kufunsa. Mubwere ndi miswachi yakutha, ndi imene imalowa bwino pakati pa zipsepse, ndipo masilinda awiri sitinawatsukebe.